Nyimbo ya m'Chigafa

Ndiyambe ndi kuulula, poti anthu ambiri anavutika ndi nkhaniyi asanalakwe kanthu. Amene anachititsa kuti mawu a amayi anga apezeke mu nyimbo ya DJ Chigayo ndine. Si mlongo wanga Chisomo, amene anatha mwezi wathunthu akuyenda choweramira. Si Anachisale a m'kwaya, ngakhale kuti iwo nkhaniyi inawakomera ngati nyama ya pa Khirisimasi. Si afiti, si a satana, ndipo si Chigayo mwini wakeyo. Ndine, ndi zala zangazi, pa nthawi ya nkhomaliro, ku Joni. Mukandifunsa ngati ndikumva chisoni, ndikuyankhani kuti amayi ali pafupi, mudzandifunse tsiku lina.

Ku Joniko sindinapite chifukwa cha umphawi wokha. Anandichotsa sukulu ndili Fomu 3. Ndimatha kutengera mawu a munthu aliyense, ndiye tsiku lina ndinapeza chimkuzamawu cha sukulu chili pa zenera, ndinalengeza ndi mawu a ahedi kuti mawa kulibe maphunziro. Mawa lakelo sikunabwere mwana ndi mmodzi yemwe, ndipo aphunzitsi awirinso anatsala kunyumba. Amayi anangoti mudzi uno wandichepera. Malume Jeradi, mlongo wawo wa amayi, anali atabwera kutchuthi kuchokera ku Joni, ndipo pobwerera ananditenga ngati katundu.

Tinakwerera pa Mtengowanthenga. Amayi anandiveka kolona m'khosi, kundipatsa mtedza wokazinga mu jumbo, ndipo sanalire. Anandiuza kuti kumene ndikupitako kulibe ofesi ya ahedi yoti iwo akandipepesere. Ulendo unali wa masiku awiri. Miyendo inatupa, mtedza unathera ku Tete, ndipo pa malire aliwonse malume ankanditsina pantchafu kuti ndisatsegule pakamwa.

Ntchito inali yotsuka magalimoto. Malowo tinkangoti pa kawoshi. Tinalipo Amalawi asanu ndi mmodzi, ndipo tonse tinkagona m'chipinda chimodzi cha malata kuseri kwa nyumba ya munthu wina. M'nyengo yozizira madzi a m'paipi ankaluma ngati ali ndi mano. Sopo wotsukira matayala ankang'amba khungu pakati pa zala, ndipo tinkapakapo girizi poti mafuta odzola sankamva. Ine anandipatsa ntchito ya huva, kulowa m'galimoto za anthu chokwawa n'kumayamwa zinyenyeswa za tchipisi ndi ubweya wa agalu. Apolisi akamabwera kudzafunsa mapepala, mayi wina wogulitsa zipatso pakona ankaimba mluzu, ife n'kubalalika. Ulendo woyamba ndinangoima ndi huva m'manja osadziwa kolowera. Amene anandikoka mwendo n'kundilowetsa pansi pa lole, nkhope m'matope a sopo, anali Yamikani.

Yamikani anali wa ku Ntchisi, mwana wa mkulu wa mpingo, wamkulu kwa ine ndi zaka zingapo. Sankamwa, sankasuta, sankacheza. Chuma chake chonse chinali laputopu yong'ambika pakona ndi mahedifoni omangidwa ndi tepu. Nthawi ya nkhomaliro ife tikamadya buledi, iye ankazungulira pa kawoshi ndi foni, kujambula phokoso la paipi, la huva yanga, la chitseko cha galimoto chikamatsekedwa. Maphokoso amenewa ankawalowetsa mu laputopu n'kumawapinda mpaka asanduke nyimbo. Mtundu wa nyimbozo ankati ndi dabusitepu. Imayamba ngati munthu akukwera phiri, kukwera, kukwera, kenaka zii, chete. Ndiye ukangoti yatha, pansi pamaphulika chiphokoso chonjenjemera chogwedeza m'mimba, ngati chigayo cha dizilo lamba akafuna kuduka. Pamenepo iye ankati ndi pogwera. Dzina loti Chigayo ndinamupatsa ndine, monyoza, ndipo anangolitola n'kulivala.

M'chipinda muja palibe amene ankamukhulupirira. Anzathu ankati nyimbo yopanda mawu, yopanda gitala, imene munthu amamvera yekha maso ali otseka, siyoimbira anthu. Malume anakhoma msomali pamwamba pa pomwe laputopu inkagona n'kupachikapo kolona. Yamikani ankangopitiriza zake. Nyimbo zake ankaziika pa intaneti, ndipo omvera anali iye, ine, ndi msuweni wake wina wa ku Mponela. Ankandiuza kuti chikusowa ndi chinthu chimodzi, mawu a munthu, koma osati oimbidwa mu situdiyo. Ankafuna mawu a munthu amene sakudziwa kuti akumvedwa.

Zinthu zoyamba zimene ndinatumiza kumudzi zinali bulangete, nsapato za Chisomo, ndi foni yamakono ya amayi. Foniyo ndi imene inabweretsa zonsezi. Chisomo anawaphunzitsa kutumiza uthenga wa mawu, ndipo kuyambira pamenepo ndinalibe mtendere. Lachinayi lililonse, akachoka ku msonkhano wa amayi a mpingo, ankanditumizira ulaliki wanga ndekha.

Muyenera kuwadziwa amayi anga kuti mumvetse. Amayi angawo, Anabanda, ndi amene amayambitsa nyimbo m'kwaya ya tchalitchi chathu chaching'ono, ndipo achita zimenezi kuyambira ine ndisanabadwe. Ndi amene amachapa nsalu za pa guwa. Anakulira m'mapiri a ku Ntchisi, m'mudzi wa gule, atate awo anali oimba ng'oma, koma anabatizidwa pokwatiwa ndi malemu bambo anga ndipo za kumeneko sankazitchulanso. Ndili mwana ndinazemba kukaonera gule pa maliro a m'mudzi woyandikana nafe. Anandikwapula ndi nthambi ya pichesi mpaka inatha masamba.

Ndiye tsiku lina kunabwera uthenga wa mphindi khumi ndi imodzi. Ndinaumvera ndili m'galimoto ya kasitomala, huva nditazimitsa. Mphindi zitatu zoyamba zinali za masiku onse. Kenaka anati, "Upemphere," ndipo ndinamva foni ikuikidwa pansi. Foniyo ukakankhira chala m'mwamba imangojambulabe ngakhale uisiye. Ndinamva masamba a fodya akuchita tswatswa, ndinadziwa kuti ali m'chigafa akusankha fodya. Nkhuku inadutsa. Kenaka amayi anga, a nsalu za pa guwa, anayamba kuimba chapansipansi nyimbo imene azimayi amaimba pabwalo la gule chilombo chikamatuluka. Ndinaizindikira, poti ndi yomwe ija ndinakwapulidwira. Mawu ake sindilemba pano, anandiletsa. Ankaimba mokoma kuposa mmene amaimbira m'tchalitchi, ndi kamawu kolemera kamene sindinkakadziwa, ndipo pakutha pa mzere uliwonse ankakhosomola pang'ono chifukwa cha fumbi la fodya. Kenaka patali kunalira belu la masana.

Chisomo ndi amene anadzapeza foniyo ikujambulabe, ndipo anangodina kutumiza osamvera.

Ndinaseka mpaka mwini galimoto anagogoda pa galasi. Poyamba ndinkafuna kungowabwezera amayi kachidutswako popanda mawu ena alionse. Koma ndinaganiza za Yamikani, mwana wa mkulu wa mpingo, amene ankati ali mwana akamva ng'oma za gule ankabisala kunsi kwa bedi. Ndinadula mbali ya nyimboyo mpaka pa belu. Mawa lake masana, iye atapita kukagula buledi, ndinailowetsa mu laputopu yake, pakati pa maphokoso a huva. Cholinga changa chinali chimodzi basi: ndione nkhope yake akamva gule akutuluka m'makina mwake.

Ndinaiona. Anakhala pa ndowa yovundikira, mahedifoni kumutu, kenaka anauma ngati chitsa. Anavula mahedifoni, kuyang'ana kumbuyo, kuvalanso. Madzulo anatifunsa mmodzimmodzi ngati wina anagwira laputopu yake. Onse anakana. Ine ndinamuuza mwaulemu kuti akulu, makina amenewa mumawaitanira zinthu tsiku ndi tsiku, lero zayankha. Anzathu onse, ndi malume omwe, anasamutsa mphasa zawo kupita mbali ina ya chipinda.

Ndinkayembekeza kuti afufuta. Sanafufute. Kwa sabata yathunthu sanalankhule ndi munthu, ndipo Lamlungu anandiveka mahedifoni. Anali ataika ng'oma pansi pa mawu a amayi, ng'oma zolemera, ngati kuti akuimbira pabwalo pakati pa fumbi. Mawu ankakwera, kukwera, kenaka kakhosomo kaja, kenaka belu, ngoo, chete. Ndiye chigayo n'kugwa. Tsitsi linandiimirira. Ankandiyang'anitsitsa m'maso nthawi yonseyo, ndipo ine ndinangoti yabwino, koma yatalika.

Anakaiimba koyamba Lamlungu lina masana pamalo owotchera nyama pomwe ankaloledwa kuimba nthawi imene DJ weniweni akudya. Ndinalipo. Anthu anasiya nyama m'mbale. Atafika pa belu paja malo onse anakhala chete, ndipo chigayo chitagwa mtsikana wina anagwetsa tebulo. Anaibwereza katatu. Mayi wina wokonza zoimbaimba anamutenga nambala. Kuchokera pamenepo zinthu zinathamanga moti ife a pa kawoshi tinkangomvera kwa makasitomala. Nyimboyo inalowa pa wailesi. Ana a ku yunivesite ankaivina m'mavidiyo. Anamuitana ku Durban, kenaka ku Nairobi. Anasiya ntchito, anachoka m'chipinda chathu, anapaka tsitsi lake utoto woyera mbali imodzi. Msomali wa kolona unatsala ukuyang'anira pansi popanda kanthu.

Atolankhani akamufunsa kuti mayi akuimbayo ndani, ankayankha zoona zokhazokha: sakumudziwa, mawuwo anangowapeza mu laputopu. Azungu yankho limeneli ankalikonda. Amalawi atalimva anati tinanena ife. Mnyamata wotsuka matayala sangakwere ndege m'miyezi yowerengeka popanda kupereka kanthu, ndipo mawu obwera okha ali ndi mwini wake. M'chipinda mwathu ankakambirana kuti wapereka ndani, ena amvekere amayi ake, ena amvekere mwana woyamba amene adzabereke. Ine ndinkathandiza ndi maganizo. Malume okha ndi amene sankanena kanthu. Nyimboyo ikalira m'galimoto ya kasitomala ankasiya nsanza n'kupita kuchimbudzi.

Yamikani ankabwerabe kudzatsukitsa galimoto yake yoyamba kwa ife, ndipo ankanena kuti huva apange ndine. Ankakhala kumpando wakutsogolo ine ndikukwawa kumbuyo, n'kumandiyang'ana pa kagalasi.

"Mfana, fodya kwanu amasankha mwezi wanji?"

"Sindinalimepo fodya, akulu. Kwezani miyendo."

"Kuseri kwa mawu aja kumamveka masamba."

"Mizimu nayonso imalima."

Ankaseka pang'ono, osati kwambiri, ndipo ankandisiyira chakumwa pampando.

Chimene sindinaganize n'choti nyimbo ilibe pasipoti. Inafika yokha kwathu ku Dowa. Inalowa m'maminibasi a ku Lilongwe, m'mashopu ometera a ku Dzaleka, m'mafoni a anyamata a kabaza. Ndipo kwathu belu lija aliyense amalidziwa. Tchalitchi chathu chilibe belu lenileni, chili ndi limu ya tayala la lole yopachikidwa pa mtengo wa mkuyu, yong'aluka mbali imodzi, ndipo imalira ngati ili ndi chimfine. Palibe ina yolira choncho m'boma lonse. Belu linaulula mudzi. Kakhosomo kanaulula munthu, poti amayi a m'kwaya akhala akukamva kumbuyo kwa makutu awo zaka zonsezi. Ndipo ng'oma zimene Yamikani anaikamo zinanena bodza limene ine sindinalikonze: kuti Anabanda anajambulidwa ali pabwalo, akuimbira gule.

Izi ndinazimva kwa Chisomo, poti mauthenga a Lachinayi anasiya kubwera. Anati Anachisale ndi amene anapita ndi foni ya mdzukulu wawo kwa akatekisiti a Mwale. Amayi atafunsidwa anakana, ndipo ankakana ndi mtima wonse, chifukwa pabwalo sanapondepo kuyambira tsiku la ubatizo wawo, ndipo za m'chigafa sankazikumbukira n'komwe. Munthu sakumbukira zimene waimba ali yekha. Koma ataimvetsera nyimboyo anazindikira mawu awo, ndipo anakhala pansi pomwepo. Anayamba kukhulupirira kuti wina anawabera mawu ali m'tulo. Anakayikira Anachisale. Anakayikira Chisomo, poti ndi amene amagwira foni. Anasiya kuyambitsa nyimbo, kenaka anasiya kuimba n'komwe, ankangotsegula pakamwa. Tchalitchi khonsolo inati idzakhala pansi pakatha milungu itatu, ndipo ikadzapeza kuti anabwerera ku gule adzaimitsidwa kulandira Ukalistia ndi kuchotsedwa m'kwaya.

Ndinganame nditati ndinathamanga kukakonza. Sabata yoyamba ndinkaionabe ngati nkhani yoseketsa kwambiri imene ndinapangapo: mudzi wonse, mpingo wonse, mayiko atatu, zonse kuchokera pa ndowa ya pa kawoshi. Sabata yachiwiri Chisomo ananditumizira uthenga waufupi woti amayi apinda nsalu za pa guwa n'kukazisiya kwa akatekisiti asanauzidwe ndi munthu. Umenewo sindinaseke. Komabe sindinaulule. Ndinkangomvera uthenga wa m'chigafa uja mobwerezabwereza, ndipo ndi mmene malume anandigwirira, masana kuseri kwa thanki ya madzi, foni ili pakhutu.

Anandilanda foniyo, kumvera mpaka kumapeto ataimirira. Anati mawuwo anawazindikira tsiku loyamba lomwe, chifukwa nyimboyo ankaimba ndi amayi awo, ndipo miyezi yonseyi ankaganiza kuti Yamikani walodza mlongo wawo. Anali atayamba kale kufunsira sing'anga. Sanandimenye. Ndinati nditumiza uthenga wonsewo kwa akatekisiti, nkhani ithe. Iwo anati za pa foni anthu aja sazikhulupiriranso, adzati zapangidwa ndi makina omwewo, ndipo chofunika ndi mwini mlandu kuima pamaso pawo ndi pakamwa pake.

Malume anamuimbira foni Yamikani, ndipo iye anabwera tsiku lomwelo. Ndinayembekeza chibakera. Iye anangoti, "Ndinadziwa kalekale. M'chipinda chonse chija iwe wekha ndi amene sunasamutse mphasa." Anati ankadikira kuti ndinene ndekha dzina la mayiyo, chifukwa kampani ina ya ku Ulaya inkafuna nyimboyo koma siikanaitenga popanda pepala losainidwa ndi woimbayo. Za mlandu wa kumpingo anali asanamve. Atamva anati bambo ake nawonso sanamuyankhe foni chitulukireni nyimboyo. Tinanyamuka limodzi, pa basi, poti ine ndege sindikanakwera ndi mapepala anga.

Kumudzi ndinapeza zinthu zitachepa. Nyumba inaoneka yaifupi, Chisomo anali atatalika ndipo anandipatsa moni ngati wa mlendo. Amayi anali ataonda. Anandiyang'ana, kuyang'ana tsitsi la Yamikani, n'kufunsa ngati kumeneko andithamangitsanso. Ndinati ndidzafotokoza mawa kutchalitchi. Ndinkaopa kuti ndikanena madzulo omwewo sindifika mawa.

Khonsolo inakhala mapemphero atatha, m'tchalitchi momwemo, mabenchi atazunguliridwa. Panali akatekisiti, abambo anayi, amayi atatu kuphatikizapo Anachisale, ndipo kunja ana anadzaza m'mazenera kudzaona DJ. Amayi anakhala pa mkeka, miyendo atatambasula, maso pansi. A Mwale atayamba kufotokoza mlandu ndinaimika dzanja ngati m'kalasi. Ndinanena zonse, za foni, za ndowa, za ng'oma zoikidwa ku Joni. Yamikani anavomereza kuti ng'omazo ndi zake. Bambo wina anati mnyamata uyu ndi yemwe uja anatseka sukulu ndi mawu a ahedi, tidziwa bwanji kuti si iye akuimba motengera mayi ake? Funso limenelo linandisangalatsa, koma ndinati mverani nokha. Yamikani analumikiza foni yanga ku kasipika kake.

Ndikanatha kuyambira pa nyimbo. Ndinayambira pachiyambi penipeni, ndipo ndinanena kuti ndikutero kuti pasakhale wonena kuti tadula.

Choncho khonsolo yonse inamva amayi akundilangiza kuti ndizichapa kabudula wam'kati tsiku lililonse, osati kumutembenuza. Inamva kuti ndisayang'ane atsikana ovala mathalauza. Inamva kuti akatekisiti Lamlungu lapitalo analalikira mpaka mwana wa Anaphiri anakomoka, ndipo kuti Anachisale akamakweza mawu amamveka ngati mbuzi yokodwa mu waya. Ana a m'mazenera anagwa pansi. A Mwale ankayang'ana denga. Amayi anakweza maso koyamba, ndipo anandiyang'ana ine.

Kenaka kunamveka foni ikuikidwa pansi, masamba a fodya, nkhuku. Nyimbo inayamba, yopanda ng'oma, yopanda bwalo, mayi mmodzi ali yekha ndi ntchito yake. Ndinayang'ana pansi pa mabenchi, poti ndi kumene kumakhala zoona, ndipo ndinaona chala chachikulu cha phazi la Anachisale chikugunda simenti, osaphonya ngakhale kamodzi. Gogo wina wa m'khonsolo milomo yake inkayenda. Belu linalira mu sipika. Mu nyimbo ya Chigayo apa ndi pogwera, ndipo ana a m'mazenera anakonzeka. Koma mu uthengawo amayi analekeza nyimbo pakati pa mzere, kunamveka akusasa fumbi m'manja, ndipo anayamba pemphero la Mngelo wa Ambuye, lonse, mpaka Amen. Kenaka mawu a Chisomo akuti foni iyi mwaisiya ikujambula.

Anachisale ndi amene anayamba kulankhula, anati kaya pabwalo kaya m'chigafa, nyimboyo ndi ya gule basi, mkhristu amaidziwa bwanji? Gogo uja anawayankha osawayang'ana.

"Inu munaizindikira bwanji kuti mukanene?"

Nkhani inathera pamenepo, ngakhale kuti anakambiranabe ola lina kuti zioneke ngati khonsolo. Anagamula kuti Anabanda pabwalo sanapite, za nyimboyo akakambe ndi bambo mfumu ku kulapa, ndipo nsalu za pa guwa akazitenge poti zada. A Mwale anawonjezera kuti maulaliki awo ndi aatali chifukwa machimo a m'mudzi muno ndi ambiri, ndipo ponena zimenezi ankaloza ine.

Kunyumba Yamikani anagwada pakhonde, kupepesa, n'kutulutsa pepala lake. Amayi anati ayambe aimva bwinobwino nyimboyo, poti ulendo woyamba anaimva ndi mantha. Anaimvera yonse nkhope ili gwa. Itatha anati ng'omazo waika molakwika, nyimbo imeneyi siyenda choncho, yaikulu imalowa mochedwa. Anayamba kumuonetsa ndi zikhatho pa mpando, kawiri, katatu, mapewa akuyamba kugwedezeka, kenaka anazindikira kuti tonse tikuwayang'ana ndipo anapinda manja. Pepalalo anasaina, koma anati dzina lawo lisatuluke paliponse, ndipo ng'omazo akakonze, chifukwa ngati anthu a ku Ulaya akumva nyimbo ya amayi awo aimve yolondola. Anamuuzanso kuti asabwerere ku Joni asanakwere ku Ntchisi kukaonekera kwa bambo ake, tsitsi lomwelo. Anapita. Pano ndimamuona m'mavidiyo ali pa nsanja zikuluzikulu, ndipo ng'oma yaikulu imalowa mochedwa.

Ine chilango changa chinabwera mbali ziwiri. Amayi anatenga pasipoti yanga ndi foni yanga n'kuzitsekera m'sutikesi momwe mumakhala kalata yawo ya ubatizo. Khonsolo inagamula kuti popeza belu ndimalikonda, ndiziliimba ndine, m'mawa, masana ndi madzulo, mpaka fodya wa chaka chamawa adzagulitsidwe. Amene ankaimba kale, mkulu wina wa nyamakazi, anandipatsa chitsulo chake akumwetulira.

Amayi anatha milungu iwiri osandilankhula. Chakudya ankandiikira pakhonde ngati cha mlonda. Koma Lamlungu lachitatu anayambitsa nyimbo yolowera, kakhosomo kali pomwepo, Anachisale akutsatira pambuyo motsitsa mawu kuposa kale. M'chigafa namonso ayambiranso kuimba. Kungoti masiku ano asanayambe amatenga foni yawo, kuiika mu ndowa, kuvundikira, n'kukaisiya kuseri kwa khola.

Belu la masana limaimbidwa katatu, katatu, katatu. Ndinapeza kuti ukamenya kawiri n'kudikira, mudzi wonse umadikira nawe. Azimayi pa mjigo amaima ndi ndowa m'manja, a kabaza amatsitsa mwendo, ana a sukulu amakweza manja m'mwamba. Ndimawerenga mpaka faifi, nthawi zina mpaka seveni, kenaka ngoo. Akatekisiti anandiitana kale kawiri, ndipo ndinawauza kuti dzanja linazolowera huva.

Dzulo ndikubwera ku mkuyu ndinapeza amayi ataima pakhomo, akupukuta m'manja.

"Ukadzachedwetsanso lachitatu lija," anatero, "ndidzabwera ndi chitsulo changa, ndipo wolira sadzakhala limu."

Lero ndinangowerenga mpaka folo.